Makutu a Thonje

Nkhanambo yoyamba Atelala anaipeza ndi chala asanaione n'komwe. Anali ataimitsa kaye makina osokera, akusisita mphaka wawo pamulu wa zidutswa za nsalu, chala n'kukodwa pa kanthu kouma kunsonga kwa khutu. Anakonza magalasi n'kumutembenuzira kowala. Nsonga ya khutu lakumanja inali itafiira, ubweya utathothoka, pakati pake pali kankhanambo kakuda.

Sanafunse munthu. Nkhanambo yotero ankaidziwa bwino, chifukwa nawonso anayendapo nayo pakhutu, nthawi ija mpongozi wawo ankawawongola tsitsi ndi chipeso chamoto n'kuwakhudza nacho kunsonga kwa khutu. Mtsikanayo anapepesa mpaka kugwada, iwo n'kunena kuti palibe kanthu. Koma "palibe kanthu" wa Atelala anali ngati thumba la m'kati mwa jekete, kunja kuli see, zinthu zili m'katimo.

Nyumbayo inali ya ntchito ziwiri. Kumaso, m'chipinda choyang'ana kumsewu, Atelala ankasoka madiresi, makamaka a ukwati. Kuseri, pakhonde lamthunzi, mpongozi anatsegula saluni atangokwatiwa ndi Mzime, mwana wawo womaliza, amene ankayendetsa galimoto yoperekera buledi m'magolosale. Pakati pa ntchito ziwirizi pankayendayenda Thonje, mphaka woyera mbee, yemwe malemu amuna awo anamutola m'ngalande ali kamwana n'kubwera naye kunyumba m'chipewa. Bambowo atamwalira, njinga inapita kwa achimwene awo, nsapato ndi majekete kwa ena. Thonje yekha ndiye panalibe womufuna, ndipo ndi yekhayo amene anapitiriza kukadikira pakhomo nthawi yoweruka.

Mpongozi sankamukonda mphakayo, ndipo sankabisa. Ankati ubweya wake umamatirira pamatawulo, makasitomala ena amayetsemula. "Choka apa, iwe!" mawu amenewa ankamveka kuseriko tsiku ndi tsiku, ndipo Atelala akawamva ankaona ngati wothamangitsidwayo ndi iwowo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho anadekha. Anapaka khutulo mafuta, nkhanambo inafewa n'kugwa, mtima wawo n'kukhalako pansi. Posakhalitsa inabwerera pomwepo itakulako, kukhutu linalo nakonso kutayamba kufiira. Kuyambira pamenepo makina a Atelala anayamba kusoka modukizadukiza. Ankaponda pang'ono n'kuima, khutu lili kuseri. Mphaka akangolira ankathamangirako sizasi ili m'manja, ngati akukafunsa zina, n'kupeza mpongozi akuluka mutu wa munthu, manja onse awiri ali m'tsitsi, Thonje ali poteropo akulirira chakudya. Wina akanachita manyazi n'kusiya. Iwo anangoti mtsikanayu ndi wochenjera kuposa mmene ankamuganizira.

Anayambanso kumununkhiza mphakayo kumutu, kufunafuna fungo la ubweya wopserera. Fungolo linalipo ndithu. Koma m'nyumba ya saluni chilichonse chimanunkha tsitsi lopserera, ngakhale makatani.

Tsiku lina mpongozi atapita kukagula meshi yolukira tsitsi, Atelala analowa mu saluni n'kutsegula kabati ya zida. Pamano a chipeso chachitsulo chija panali timatsitsi toyera. Anatitola mosamala n'kutiika pa kansalu kakuda kuti tioneke bwino.

"Apongozi, izi n'chiyani?" anamufunsa atangofika.

Mpongozi anasuzumira. "Imvi, Amayi. Za aphunzitsi opuma aja. Ndawawongola m'mawa uno."

"Imvi zimafewa chonchi?"

"Zawo n'zofewa. Kodi pali vuto?"

"Ayi, palibe kanthu."

Mzime ataweruka, anamuitanira m'chipinda chosokera n'kutseka chitseko. Anakhala pa kampando koyesera makasitomala, akununkhabe buledi, maso ali lende ndi kutopa.

"Iwe, mkazi wako akumuwotcha mphakayu."

Mzime anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi, munthu wamkulu ngati uja angalimbane ndi mphaka? Nthawi yake aitenga kuti?"

"Seka. Mawu a akulu amakoma akagonera." Anamunyamula Thonje n'kumuonetsa makutu onse awiri. Kenako anavula mpango kumutu n'kumuloza kachipsera ka pakhutu pawo. "Ichi unachiona chikupsa. Tsopano taona apa. Zikusiyana pati?"

Mzime anayang'ana khutu la mayi ake, n'kuyang'ana la mphaka. Kuseka kuja kunamuthera.

"Munthu woti angawotche chinthu chosatha kulankhula," anapitiriza Atelala, "tsiku limene ine ndidzagone osatha kulankhula adzandichita chiyani? Ndikuuziretu. Ndikamugwira, m'nyumba ya bambo ako muno achokamo."

Ankadziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwana wawo mkaziyo ankamukonda, ndipo popanda umboni sakanamuuza n'komwe kuti asunthe mpando. Ndiye podikira umboniwo anaganiza zomuteteza kaye Thonje.

Kumaso kwa chipinda chosokera kunali kakhonde kotchingidwa ndi zitsulo, kumene ankapachika madiresi otha kuti odutsa aziwaona. Kunali kowala bwino, dzuwa linkafikako likangokwera mpaka kupendeka. Madiresiwo Atelala ankawalowetsa kukayamba kutentha, chifukwa telala aliyense amadziwa kuti dzuwa limasulutsa nsalu, yoyera n'kuisandutsa yachikasu. Kale Thonje ankaotherako dzuwa m'mawa, masana n'kupita kuseri kumthunzi kukavutana ndi mpongozi. Tsopano anamusokera kapilo, anamuikira mbale ya madzi ndi bokosi la mchenga, n'kugula loko watsopano. Kiyi anaimangirira ku tepi yoyezera imene inkakhala m'khosi mwawo tsiku lonse. Thonje sanadandaule. Ankagona chagada pasimenti yotentha, miyendo ili tambalale, ana asukulu akumuitana kudzera m'zitsulo. Atelala akamuona chonchi ankasoka akuimba nyimbo.

Nyengo yotentha inafika, makutu aja osapola. M'mphepete mwake munayamba kupindika ndi kudyeka ngati nsalu imene njenjete zalowamo. Pamphuno panatuluka kachilonda kena. Thonje ankapukusa mutu, akadzikanda timadontho ta magazi tinkagwera pa pilo.

Apa mutu wa Atelala unaima. Loko ali chitsekere, kiyi ili m'khosi, nanga munthuyu akulowera pati? Kuti mwina munthuyo kulibe, maganizo amenewo sanawafikire n'komwe. Anakumbukira kuti posamba tepi amaipachika pamsomali wa m'khonde la kubafa. Anakumbukiranso kuti pafupi ndi sitolo ya meshi pali mkulu wina wosula makiyi. Zinthu zinayamba kulumikizana bwinobwino, monga zimachitira munthu akakhala kuti wasankha kale wolakwa.

Amene anamaliza ntchito anali Anamazira, mayi wogulitsa mazira tsidya lina la msewu, yemwe ankaona chilichonse chochitika mumsewuwo kupatula mazira ake oola. Atelala akubwera kogula ulusi, mayiyo anawakodola.

"Anzanga, ine sindikonda za eni. Koma poti ndinu, ndikutsineni khutu. Mukangochoka, apongozi anu amazungulira kumaso kuno n'kulowetsa dzanja m'zitsulomo."

"Atanyamula chiyani?"

"Kaya, maso anga ndi awa. Koma kanthu kamakhalapo."

Atelala sanalowe n'komwe kukasiya ulusi. Anazungulira kuseri momwemo. Mu saluni munali amayi angapo, wina ali mu dulaya, wina mutu uli theka kuluka, enawo akudikira pabenchi. Galimoto ya buledi inali itaima panja, Mzime akumwa madzi pakhomo la kukhitchini.

"Apongozi, dzanja lanu limakafuna chiyani m'zitsulo zanga?"

Mpongozi anasiya kuluka. "Ndimamuthirira madzi, Amayi. Mbale yake imauma, ndiye amakhala akupuma wefuwefu."

"Inuyo? Kumuthirira madzi mphaka amene mumamuthamangitsa ndi tsache?"

"Kusamukonda sikumufunira imfa."

"Nanga makutu ake akudyedwa ndi ndani? Chipeso chanu chija chimene chinandiwotcha ine, chikawotcha mphaka chimasiya chizindikiro china?"

Mayi wa mu dulaya anatulutsa mutu kuti amve bwino. Mpongozi anatembenukira mwamuna wake, ndipo aliyense anaona kuti akuyembekezera kuti aseke, kapena anene kuti Amayi basi zakwana.

Mzime anaika kapu pansi. Anali atatopa ndi nkhaniyi, ndipo kutopa kumapangitsa munthu kusankha njira yachidule. "Tangotsegula chikwama chako," anatero motsitsa mawu, "tione makiyi, nkhani ithe."

Mpongozi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga chikwama n'kuchikhuthulira patebulo la zida. Panagwa foni, mapini a tsitsi, mafuta a milomo, ndi mpukutu wa makiyi. Mzime anautenga mpukutuwo n'kuzungulira nawo kumaso, mayi ake ali pambuyo, makasitomala nawo ali pambuyo, wina tawulo lili m'khosi. Anayesa makiyi aja pa loko, imodzi ndi imodzi, Anamazira akuonerera tsidya lija. Panalibe imene inatsegula.

"Wabisa ina," anatero Atelala.

Mpongozi anamaliza kuluka mutu umene anauyamba, chifukwa munthu sangayende mumsewu ndi theka la mutu. Atatha anapinda matawulo, analongedza zipeso ndi dulaya m'makatoni, anaitana galimoto n'kupita kwa mkulu wake. Sanatukwane munthu, sanamenyetse chitseko. Potuluka anangoti, "Tsalani bwino, Amayi."

Kunena zoona, Atelala anasangalala. Nyumba inabwerera mwakale, fungo la tsitsi linayamba kutha m'makatani. Mzime ankadya osalankhula, koma iwo ankati amuna amatero, zidzamuthera. Thonje anamusiyabe pakhonde lake lija, poti anali atalizolowera, ndipo anadikira kuti makutu apole kuti aliyense aone amene ankanena zoona.

Makutuwo sanapole. Lakumanja linadyeka mpaka kuoneka ngati wina waliluma, likutuluka madzi onunkha. Kachilonda ka pamphuno kanakula. Tsopano kukayikira kwa Atelala kunasowa pokhala, n'kuyamba kuyendayenda. Anayamba kuwayang'ana ndi diso lina ana asukulu aja. Anamukayikira Anamazira, poti munthu wodziwa kwambiri za dzanja la m'zitsulo mwina ndi mwini dzanjalo. Tsiku lina anadzidzimuka akuyang'anitsitsa zala za Mzime ali patebulo, akudzifunsa ngati mkazi uja sakumutuma. Anachita mantha ndi maganizo awo omwe, koma sanawasiye.

"Mawa ndikupita naye kwa dokotala wa ziweto," anatero Mzime tsiku lina. Anali mawu ataliatali oyamba amene anawalankhula chichokereni mkazi wake.

"Tipita tonse. Ndikufuna dokotalayo anene m'makutu mwako momwemo kuti uwu ndi moto."

Anamuika Thonje mu basiketi n'kumufunditsa chidutswa cha nsalu ya ukwati. Kuchipatalako kunkanunkha mankhwala ndi agalu. Dokotala anali mzimayi wamfupi wometa tsitsi lonse, ndipo Atelala atangomuona anakayika. Munthu wopanda tsitsi angadziwe chiyani za chipeso chamoto?

Dokotalayo anamuika Thonje patebulo lachitsulo, anamupenda makutu, mphuno ndi zikope ndi katochi, n'kumupapasa m'khosi.

"Zinayamba bwanji, mayi?"

"Ndi nkhanambo. Kugwa, kubwereranso. Wina ankamuwotcha ndi chipeso cha mu saluni."

"Munamuona akumuwotcha?"

"Zina sizifunika kuona."

Dokotala sanatsutse. "Masana amakhala kuti?"

Atelala anafotokoza monyadira za khonde lija, za pilo, za loko, ndi mmene dzuwa limafikirako bwino tsiku lonse.

"Mthunzi ulipo?"

"Mthunzi wa chiyani? Amphaka amakonda dzuwa."

"Amalikonda, koma woyera ngati uyu limamupweteka." Dokotala anagwira nsonga ya khutu mosamala. "Taonani apa, ubweya ndi wochepa, khungu lilibe mtundu woliteteza. Dzuwa limawotcha pamenepa, pamphuno ndi m'zikope, chaka ndi chaka. Poyamba pamangofiira, kenako nkhanambo zosatha, mapeto ake khansa ya pakhungu. Ndidula kachidutswa kuti tikapime titsimikize, koma zoterezi ndaziona kambirimbiri."

"Chipeso chamoto sichingachite zimenezi?"

"Bala la moto limapola, mayi. Inuyo munapsapo?"

Dzanja la Atelala linapita lokha kukhutu kwawo. "Ndinapsapo."

"Linabwereranso?"

"Ayi."

"Ili likubwerera chifukwa chimene chikuwotcha sichinachoke. Linayamba kalekale, mwina zaka zapitazo. Koma kumutsekera padzuwa kuja kwalifulumizitsa."

Atelala anafuna kukangana, koma anakumbukira madiresi aja. Iwo amene ankathamangira kukalowetsa madiresi kuti asasuluke, chamoyo ankachisiya pomwepo n'kukhomako loko. Anacheukira Mzime. Iye ankayang'ana pansi, nsagwada zili gwa.

Zotsatira zitatsimikiza kuti ndi khansa, dokotala anadula mbali yaikulu ya makutu onse awiri ndi kupala chilonda cha pamphuno. Anati mwayi ulipo poti khansayo inali isanafike m'khosi, koma azikhala m'nyumba dzuwa likakula, ndipo kachilonda kalikonse katsopano abwere nako msanga. Thonje anabwerera kunyumba mutu uli wobulungira ngati mpira wa ulusi, n'kukagona pansi pa tebulo lodulira nsalu. Iye nkhani yake inathera pomwepo. Ya anthu ndiyo inali isanathe.

Atelala anazengereza masiku angapo. Anasoka mawu opepesa mumtima, kuwasomola, kuwasokanso. Pamoyo wawo wonse anapepesapo kwa makasitomala okha, pa madiresi ochedwa, ndipo kumeneko kunali kupepesa kwa malonda. Koma ankaona mmene mwana wawo ankaondera, mmene ankaimira pakhonde lakuseri lopanda kanthu asanapite kuntchito. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo ankadziwa kuti wachititsa ndi iwo.

"Tiye tikamutenge," anamuuza pomaliza.

Mpongozi anali atapeza kachipinda pamzere wa masitolo, pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa utoto. Kanali kopanikiza, mpando umodzi, galasi lalikulu, benchi yodzaza ndi anthu odikira. Atelala anafika atavala diresi lawo la kutchalitchi. Anaima pakhomo, Mzime ali pambali pawo.

Mpongozi anawaona pagalasi. Anasiya mutu umene anali atangomaliza, anapukuta manja, n'kuwapatsa moni waulemu wonse, ngati palibe chinachitikapo.

"Mwayenda bwanji, Amayi? Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino. Apongozi, ife tabwera..." Anayang'ana amayi a pabenchi, amene onse anali atasiya mafoni awo. Mlandu anauyambira pagulu, ndiye unayenera kuthera pagulu. "Tinapita naye kwa dokotala. Akuti ndi dzuwa. Khansa ya pakhungu. Simunali inu. Ndinakunamizirani pamaso pa anthu, ndinakuchotsani m'nyumba mwanu. Ndalakwa, mwana wanga. Pepani. Tiyeni kunyumba."

Mpongozi anamvetsera mpaka kumapeto. "Mphakayo ali bwanji?"

"Amudula makutu. Koma akudya."

"Zili bwino ngati akudya." Anatenga chipeso n'kuchitembenuza m'manja. "Amayi, inu ndakumvani, ndipo sindikusungirani kanthu. Munkandidziwa pang'ono, mphakayo munkamudziwa kalekale. Munachita mantha. Zimachitika."

Mtima wa Atelala unapepuka, mpaka anagwira mkono wa Mzime kuti naye alankhule.

"Ndakusowa," anatero Mzime. "Tiye, zonse zadziwika tsopano. Dokotala wanena yekha."

"Dokotala wanena," anabwereza mpongozi pang'onopang'ono. Sanatembenuke, ankamuyang'ana pagalasi. "Ndikufunseni chinthu chimodzi, bambo. Inu mumadziwa mmene ndimagonera, mmene ndimadzukira, chimene chimandiliza. Dokotala uja akanati sakudziwa chimene chadya makutuwo, bwenzi muli pano lero?"

Atelala anamufinya mkono mwana wawo. Mumtima ankamukuwira kuti nena eya, ngakhale kunama, nena eya. Koma mwanayo anamulera okha, ndipo ankadziwa kuti bodza salitha. Mzime anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Nawonso Atelala funsolo linawalowa, ndipo yankho lake ankalidziwa.

Mpongozi anadikira. Anamupatsa nthawi yokwanira, mpaka wina pabenchi anatsokomola. Kenako anakutumula tawulo, anamumasula kasitomala amene anatha, n'kukodola wotsatira.

"Bwerani mukhale, asisi." Anayala tawulo paphewa la mayiyo n'kuyamba kugawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso. Atagawa mzere woyamba anadzutsa mutu. "Pepani, Amayi, tasunthani pang'ono pakhomopo. Mukunditchingira kuwala."